A Misomali pa Tebulo la Mkhalapakati

Bambo amene ndikufuna kufotokoza za moyo wawo timawatchula kuti a Misomali. Ntchito yawo ndi yokuta mipando ya sofa: kuyala siponji, kukoka nsalu ndi kuikhomerera pa thabwa mpaka makwinya onse atatha. Ine ndine kalipentala, ndipo mafelemu a mipando imene iwo amakuta amachokera m'manja mwanga. Shedi yathu ndi imodzi, yogawidwa pakati ndi khoma la matabwa lolekeza m'chifuwa, kotero kuti utuchi wanga umagwera pa nsalu zawo ndipo ulusi wawo umakodwa m'mano a macheka anga. Zambiri zimene ndalemba pano ndinaziona ndi maso. Zochepa zimene ndinachita kuuzidwa ndazitchula kuti ndinauzidwa.

A Misomali anakula ndi chibwibwi. Sindikunena chibwibwi chopepuka chija chimene munthu amabwereza chiyambi cha liwu kenako n'kupitirira. Chawo ndi chotseka. Liwu likafika pakhosi limaima nji, mpweya n'kuthera pomwepo, ndipo mutu umayamba kutsika ndi kukwera pofuna kulikankha kuti lituluke. Munthu wosawadziwa akaona mutuwo amaganiza kuti akuvomereza ndi mtima wonse zimene akuuzidwa. Ali mwana kusukulu, aphunzitsi akawaimiritsa kuti awerenge mokweza, anzawo ankamenya madesiki motsatira mutuwo ngati oimba ng'oma. Anasiya sukulu asanazolowere kulemba. Manambala a pa tepi yoyezera amawadziwa bwino, koma chiganizo chathunthu chimawavuta pa pepala monga momwe chimawavutira pakamwa.

Amalume awo anawapereka kwa mmisiri wina wachikulire wokuta mipando. Amisiri a nthawi imeneyo anali ndi kagwiridwe kawo ka ntchito: ankatapa timisomali todzaza dzanja n'kutiponya m'kamwa, ndipo ankatulutsa kamodzikamodzi ndi lilime, n'kukanyamula ndi nyundo ya maginito. A Misomali anaona msanga ubwino wa kagwiridwe kameneka. Munthu wa misomali m'kamwa safunsidwa mafunso, ndipo akafunsidwa palibe amene amayembekezera yankho. Masiku ano amisiri anzawo anagula mfuti zokhomera timawaya, koma iwo sanasinthe. Mlendo akangoonekera pakhomo la shedi, dzanja lawo limapita lokha m'chitini cha misomali. Dzina lija linachokera pamenepo.

Anakumana ndi akazi awo m'sitolo ya nsalu, m'mene mayiwo ankagulitsa. Ndinauzidwa kuti tsiku loyamba a Misomali anangoti, “Nda-nda-”, mayiwo n'kuti, “Mwabwerera yokhuthala ija ya mizeremizere, ya mpando wa anthu atatu,” ndipo zinalidi choncho. Mayiwo ndi munthu wa nthabwala, ndipo nkhani ya chibwenzi chawo ankaikamba pagulu.

“Bambo awa anandifunsira ndi theka la liwu,” ankatero. “Theka linalo ndinadzifunsira ndekha, n'kudzikanira pang'ono kuti ndisaoneke wotchipa, kenako n'kudzilola.”

A Misomali ankaseka mpaka kulavulira misomali m'dzanja kuopa kuimeza.

Atakwatirana, mayiwo anasiya sitolo n'kukhala pakamwa pa shedi. Makasitomala ankakambirana ndi iwo, eni nyumba ankakambirana ndi iwo, ngakhale kuchipatala dokotala ankamva kwa iwo pamene amuna awo akumva kupweteka. Panalinso chinthu china chimene mayiwo ankachidziwa, chimene ine sindinachigwire bwino ngakhale ndagwira ntchito pafupi ndi bambowa zaka zambiri, ndicho kusiyanitsa mitu iwiri ya a Misomali. Mutu wovomera umagwedezeka maso ali otsegula. Mutu wolimbana ndi liwu umagwedezeka chimodzimodzi, koma chikope chakumanzere chimatsika n'kumanjenjemera. Kuti uone kusiyanako uyenera kukhala patsogolo pawo, ndiponso uyenera kudziwa chimene ukuyang'ana.

Mwana ali naye mmodzi, wamkazi, amene tonse timamutchula kuti Kabatani chifukwa ali wokwawa ankapezeka ndi mabatani a mipando m'masaya. Atayamba sukulu, ankati akaweruka n'kubwera ku shedi, kulowa m'sofa ina yosamalizidwa, n'kuyala makope ake pa siponji. Nthawi imeneyo ine ndinkazimitsa makina opalira matabwa n'kugwira ntchito ya manja, chifukwa kuseri kwa khoma kunkamveka chinthu chosamveka kwina kulikonse. A Misomali ankalavula misomali n'kuyamba kulankhula. Iwo maso ali pa nsalu, mwana maso ali pa kope, mawu ankatuluka mosadodoma ngati madzi a pampopi. Ankamufunsa za aphunzitsi, ankamudzudzula akasiya juzi kusukulu, ndipo ankamunamiza kuti m'sofa zakale mumakhala timakoswe tovala nsapato.

“Adadi, nanga nsapatozo timagula kuti?”

“Timasoketsa kwa amayi ako. Sukuona zidutswa za chikopa zikumasowa muno?”

Sindine dokotala, ndipo sindingathe kufotokoza chifukwa chake. Ndinangoona kuti mwanayo sankadikira mawu a bambo ake. Ankangokhala pafupi, osawayang'ana, ndipo mawuwo ankabwera okha. Munthu wina akangosuzumira, khomo linkatsekeka.

Banja lawo silinathe chifukwa cha nkhanza, kapena mowa, kapena munthu wachitatu. N'koyenera kuti ndinene zimenezi poyera kuti mayiwo asaweruzidwe molakwa. Anatopa. Ngakhale mkangano wa m'banja unkafuna kuti iwo agwire ntchito ya anthu awiri. Tsiku lina ndinawamva kuseri kwa khoma.

“Mukufuna kunena kuti ndine wamakani, eti? Nenani. Chabwino, ndakunenerani. Ndipo ine ndikuyankha kuti wamakani ndinu. Tsono mukufuna kunena kuti ndikukuchititsani manyazi pamaso pa a kalipentala. Nazonso ndakunenerani. Pali china? Kapena ndidzipepesenso m'malo mwanu?”

Poweruka mayiwo anandipeza ndikusesa utuchi.

“Alamu,” anatero, “anzanga akayambana ndi amuna awo amamva mawu a mwamuna, oipa kaya abwino. Ine zaka zonsezi ndakhala pabanja ndi mawu anga omwe. Ndimadzikalipira ndekha, ndimadzinyengerera ndekha. Sindikudziwanso ngati zimene ndimawanenera n'zawo kapena n'zanga.”

Pasanapite nthawi anasamukira kwa mkulu wawo pamodzi ndi mwana, ngakhale mwanayo ankabwerabe ku shedi akaweruka. Kenako kunamveka kuti kampani ina yogulitsa nsalu yawapatsa mayiwo ntchito mumzinda wakutali, ulendo wa tsiku lathunthu. Anati banja lithe mwalamulo, ndipo Kabatani apite nawo.

Apa m'pamene panabuka funso la njira. Ndinapita ndi a Misomali ku khoti kuti akaone mmene milandu imayendera. Tinakhala pa benchi yakumbuyo. Tinaona bambo wina ataimiritsidwa m'kabokosi, atalumbiritsidwa, loya akumupanikiza ndi mafunso. Bamboyo atachedwa kuyankha, loyayo anati, “Khoti likudikira,” ndipo anthu a pa mabenchi anaseka chapansipansi. Titatuluka, malaya a mnzangayo anali atanyowa kumsana.

Kalaliki wa pakhomo, munthu wokoma mtima, anatifotokozera kuti anthu olekana sakakamizidwa kukakanganirana pamaso pa woweruza. Ena amalemba maloya awiri amene amakhala nawo pa tebulo limodzi mpaka atamvana. Ena amasankha munthu wodziwa malamulo kuti awagamulire m'chipinda, popanda gulu. Zimenezi zinali zoposa thumba la mmisiri wa mipando. Koma panalinso njira ya mkhalapakati, munthu wophunzitsidwa amene sagamula kanthu, koma amathandiza awiriwo kuti apange okha mgwirizano, umene pambuyo pake khoti limangoutsimikiza.

Nkhope ya a Misomali inawala. Tili m'njira anandigwira mkono n'kutulutsa mawu awiri movutikira: “A-a-alipo amake.” Ndinamvetsa zimene ankaganiza, ndipo ndinachita mantha. M'chipinda mukakhala anthu atatu, mmodzi mwa iwo n'kukhala akazi awo, ndiye kuti mbali yawo ili ndi woinena. Sizinawafikire m'mutu kuti munthu amene ukukangana naye sangakhalenso pakamwa pako. Chiyambire ukwati wawo, mkangano uliwonse unkayenda motero, ndipo njira ina sankaidziwa.

Ofesi ya mkhalapakati inali pamwamba pa sitolo ya mankhwala. M'chipindamo munali tebulo lozungulira, jagi ya madzi, bokosi la mapepala opukutira misozi, ndi fani yokupiza mphepo imene inkatembenukira uku ndi uku. A Misomali atakhala pansi, dzanja lawo linapita kunsi kwa mpando kukafufuza mmene nsalu inakhomedwera. Mkhalapakatiyo anali mayi wachikulire wa mawu ofatsa, magalasi atawapachika pa chingwe m'khosi. Anandilola kukhalapo monga wolimbikitsa mnzanga, koma anandiika pa mpando wa kukhoma, kumbuyo kwa a Misomali, ndi pangano lakuti sindilankhula.

“Ine sindine woweruza,” anatero. “Simudzatuluka muno wina atapambana wina atagonja. Lamulo langa ndi limodzi lokha. Aliyense adzilankhulire yekha, ndipo wina asamudule mnzake mawu kapena kumumalizira. Bambo, tiyambe ndi inu. N'chiyani chimene mukufuna kuti tikambirane?”

“Ndi-ndi-ndi...”

“Akuti ndi za mwana,” anatero amake Kabatani, asanaganize n'komwe.

“Mayi, dikirani.”

“Koma ndi zimene akunena.”

“Mwina ndi zimenezodi. Koma ndikufuna ndizimve kwa eni ake.”

Sindikuwaimba mlandu mayi mkhalapakatiwo. Pa ntchito yawo aona anthu ambiri amene amalowa m'chipinda atalandidwa kale pakamwa ndi anzawo, ndipo lamulo limenelo linaikidwa kuti liteteze wofooka. Iwo anaona mkazi wofulumira kulankhula ndi mwamuna wosapatsidwa mpata, ndipo anafuna kumuteteza mwamunayo. Anati, “Musafulumire, bambo, palibe amene akukuthamangitsani,” n'kupinda manja, n'kuwayang'ana mwachifundo. Koma kwa a Misomali palibe chinthu chotseka pakhosi kuposa maso a munthu wodikira. Fani inatembenuka, inabwerera, inatembenukanso. Amake Kabatani anadziluma mlomo wapansi mpaka unayera.

Mkhalapakati anayesa njira zina. Anawaitana paokha, akazi awo atatuluka, koma ndinauzidwa kuti ali awiriwiri ndi mlendo zinthu zinangoipiraipira. Anawapatsa pepala ndi cholembera. Iwo anachigwira monga amagwirira choko cholembera pa nsalu, n'kuchiikanso pansi. Pomaliza mkhalapakatiyo anaganiza zowapeputsira katundu. Anati azifunsa mafunso ofuna inde kapena ayi, ndipo bambowo azingoyankha ndi mutu. Njira imeneyi inaoneka ngati yayenda. Makina osokera atsale ku shedi? Mutu unagwedezeka. Ziwiya za kukhitchini zipite ndi mayi? Mutu unagwedezeka. Zinthu zimenezi a Misomali analibe nazo kanthu, choncho panalibe amene anaona kuti m'njiramo muli dzenje.

Nkhani ya mwana inapatsidwa tsiku lakelake. Masiku a pakatiwo tinakonzekera. Tinasankha chiganizo chachifupi: “Ndikupempha kuti mwana atsale, aphunzire konkuno.” A Misomali ankachinena akukhoma, liwu lililonse ndi nyundo yake, ine nditatembenukira kwina. Chinkatuluka bwino. Anachinena kwa sofa, anachinena kwa khoma, ndipo tsiku lina anachinena ngakhale kwa ine ndikuwayang'ana, mpaka tinagwirana chanza ngati tawina mpira.

“Mukangotero nkhani yatha, achimwene,” ndinatero. “Mukayerekeze kuti mayi mkhalapakati aja ndi mpando wothyoka mwendo.”

Tsikulo anayamba ndi amake Kabatani. Anafotokoza za sukulu imene aipeza kumeneko ndi za chipinda chimene mwana azigona, ndipo anati pa tchuthi chilichonse chachitali mwanayo azibwera kwa bambo ake. Mkhalapakati anabwereza zonsezo mwachidule, n'kutembenukira kwa a Misomali.

“Bambo, mwamva maganizo a mayi. Kodi mukugwirizana nawo kuti mwana apite?”

Akanangopukusa mutu, nkhaniyo ikanayenda mwina. Koma iwo anali atabwera ndi chiganizo chawo, ndipo ankafuna kuchinena monga bambo wa mwana. Anakoka mpweya. Ine kumbuyoko ndinaona mapewa akukwera, kenako mutu unatsika, unakwera, unatsikanso mwamphamvu. Nkhope sindinkaiona. Sindinadziwe ngati akulimbana ndi liwu, kapena mtima wawo wagonja atamva za sukulu yabwinoyo.

“Zikomo, bambo,” anatero mkhalapakati motsitsa mawu. “Ndikudziwa kuti si chapafupi.” Anavala magalasi n'kuyamba kulemba.

Amake Kabatani anali moyang'anizana ndi amuna awo. Anatembenuzira nkhope ku zenera. Chimene ankafuna anali atachipeza, ndipo lamulo la m'chipindamo linali kumbali yawo: anauzidwa kuti asalankhulire mnzawo, ndipo sanalankhule. Cholembera chinamaliza mzere n'kuyamba wina.

“Mayi, lekani kulemba. Sanavomere,” anatero amake Kabatani mwadzidzidzi.

“Mayi, tinagwirizana kuti...”

“Lamulo lanu ndikulidziwa, mundipatsa chilango pambuyo. Taonani diso ilo. Lakumanzerelo. Likamatero ndiye kuti mawu akanirira. Inu mukulemba inde pamene munthu akumira.”

Mkhalapakati anayang'anitsitsa, n'kuika cholembera pansi.

“Akufuna kunena kuti mwana atsale,” anapitiriza amake Kabatani, maso ali pa tebulo. “Akuti ine ndili ndi pakamwa, kulikonse kumene ndingapite ndikapeza ocheza nawo, koma iwo pa dziko lonse lapansi ali ndi munthu mmodzi yekha amene amamva mawu awo, ndipo ameneyo ndi amene ndikumutenga. Akuti tchuthi n'chabwino, koma mwana amakula, ndipo akadzabwera atasanduka mlendo adzayamba kuwayang'ana ndi kuwadikira ngati wina aliyense, ndiye khomo lidzatsekeka kwa iyenso. Akuti sanamumenyepo, sanamugonekepo ndi njala, ndipo tsitsi amamuluka bwino kuposa ine. Zimenezo n'zoona, zala zawo n'zozolowera ulusi. Akutinso...” Anaima, n'kupukuta mphuno. “Akutinso ndine wouma mtima. Ayi, zimenezo sanganene. Ndawawonjezera ndine.”

Palibe loya amene akanainena bwino mbali ya a Misomali kuposa pamenepo. Mkhalapakati anasuntha mpando kuti awaone bwino kumaso.

“Bambo, kodi amenewa ndi mawu anu?”

Mutu unagwedezeka. Mkhalapakati anacheukira amake Kabatani.

“Umenewo ndi wa inde,” iwo anatero.

“Mundikhululukire, bambo, ndinakulakwirani. Tsono, mayi, mwamva pempho lawo...” Anaima pang'ono, n'kumwetulira mwachisoni. “Mwalinena nokha. Mukuyankha kuti chiyani?”

“Ndikuyankha kuti ayi. Tsiku lina posachedwapa ndinapita ku shedi kukatenga mwana. Ndinapeza bambo wina wabwera ndi mpando wong'ambika. Awa misomali ili m'kamwa. Akuyankha ndani? Kabatani. Waimirira pa siponji, manja m'chiuno: ‘Adadi akuti nsalu imeneyi yatha, mubwere Lachisanu.’ Mawu ake, kaimidwe kake, ine ndendende. Kasitomala akuseka, akuti kamwana kochenjera. Ine sindinaseke. Ntchito imeneyo ndinaiyamba ndili wamkulu, ndinaisankha ndekha, ndipo yandimaliza. Iye ayambe asanamalize n'komwe kugulula mano? A kalipentala ndi awo, afunseni ngati ndikunama.”

Mkhalapakati anandiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba anandilola kulankhula. Ndikanakonda akanapanda kundilola. Ndinati sakunama, chifukwa ndinaziona, ndipo sikanali koyamba.

Mayi mkhalapakatiwo anayesetsa. Anafunsa ngati mwana angatsale mpaka chaka cha sukulu chithe; amake anati chizolowezi sichidikira chaka. Anafunsa ngati ntchito yotere singapezeke pafupi; anati anafunafuna mpaka nsapato kutha. Anafunsa ngati a Misomali sangasamutse ntchito yawo n'kukakhala mumzinda womwewo, amake Kabatani anaseka mowawa n'kuti, “Kumeneko akawalankhulire ndani? Inenso?” Pomaliza mkhalapakati anatambasula manja pa tebulo.

“Mphamvu yogamula ndilibe, ndinakuuzani tsiku loyamba. Mukapanda kumvana, njira imene yatsala ndi ya khoti. Kumeneko aliyense adzafunsidwa mbali yake, ndipo n'kutheka kuti woweruza adzafuna kumvanso maganizo a mwana. Sindikukuopsezani. Ndi ufulu wanu, bambo, ndipo mwina mukhoza kukapambana. Mukhoza kupita kukaganiza.”

Zimene zinkayenda m'mutu mwa a Misomali sanandiuze, ndipo sindikufuna kuwamalizira. Ndikungodziwa kuti kabokosi kaja anali atakaona, ndipo anali atangomva kumene za mwana wawo ataimirira pa siponji. Anatembenuzira nkhope kukhoma la pambali, kumene kunalibe munthu, n'kunena liwu limodzi, lomveka bwino, lopanda chibwibwi.

“Apite.”

Mkhalapakati sanafulumire kulemba. Anawauza kuti akaganize n'kubweranso tsiku lina. Anabweranso, ndipo sanasinthe. Pofuna kuwatonthoza, mkhalapakatiyo anawonjezera mfundo imene anati imathandiza mabanja ambiri olekana: Lamlungu lililonse masana mwana aziimbira foni bambo ake. Amake Kabatani anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. A Misomali sanakane, pakuti kukana foniyo kukanakhala ngati kukana mwana.

Khoti linatsimikiza mgwirizanowo popanda a Misomali kupanikizidwa ndi mafunso, monga momwe kalaliki uja ananenera. Pa mbali imeneyi njirayo inachita zimene inalonjeza. Panalibe kutukwanizana, panalibe gulu loseka, ndipo awiriwo ankatsika masitepe a ofesi ija akupatsana njira.

Kabatani ananyamuka akudwala chifuwa. Lamlungu loyamba mwana atapita, a Misomali anandipempha kuti ndikhale nawo ku shedi. Anavala malaya oyera, anasesa, n'kuika foni pa mkono wa sofa. Italira anaitenga ndi manja awiri, n'kudina kuti mawu azimveka mokweza.

“Halo? Adadi?”

Anakoka mpweya.

“Adadi, ndine. Kuno kuli nyumba zazitalizitali, ndipo aphunzitsi athu ali ndi ndevu ngati tsache. Mukundimva? Halo?”

Pafoni palibe kukhala pafupi mosayang'anana. Pali munthu wodikira yekha. Ndinatembenukira kukhoma kuti ndiwachepetsere maso, koma sizinathandize. M'shedi munkangomveka mpweya wawo.

“Adadi? Amama, sakumveka. Netiweki yawo ndi yoipa.”

Chapatali tinamva mawu a amake: “Dikira pang'ono, mwanawe. Alipo. Uzingolankhula.”

“Ndalankhula kale! Iii, ndidzaimba Lamlungu.”

Foni inaduka. A Misomali anaiyang'ana ili m'manja mwawo, ndipo mawu anabwera onse pamodzi, osadodoma: “Chifuwa chija chinatha? Ukauze amayi ako akugulire mankhwala, usamangopirira.”

Ndinawauza kuti Lamlungu lotsatira ndikhoza kuyankha ineyo, iwo azindilozera, ine ndizinena. Anakana. Lamlungu lotsatiralo foni inalira pa nthawi yake, ndipo mwanayo sanadikire monga anadikira poyamba. Pamene ndikulemba izi, tchuthi chachitali sichinafike.